Udzu umene unkagwira nthaka ku Kansas

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Lero tipite kutali, ku America, kuchidikha chachikulu cha udzu kumene kuli Kansas, Nebraska ndi Oklahoma. Kale kumeneko munthu ankayenda tsiku lathunthu osaona mtengo wousapo.

Dzikolo linali ndi eni ake, a Cheyenne, a Lakota, a Pawnee, amene moyo wawo unali pa njati. Azungu atafika anawathamangitsa, njatizo n'kuzipha mpaka kutsala zochepa kwambiri. Zimenezi tisazibise.

Mu 1862 pulezidenti wa America, Abraham Lincoln, anasaina lamulo lakuti munthu akakhala pamalo n'kulimapo zaka 5, maekala 160 akhale ake. Anthu anakhamukirako. Poti mitengo kunalibe, ankadula dothi lolukana ndi mizu ya udzu ngati njerwa n'kumangira nyumba. Mu 1874 Akhristu a mpingo wa Mennonite anafika ku Kansas kuchokera ku Russia ndi mbewu ya tirigu yopirira chisanu, ndipo chaka chomwecho dzombe linagwa n'kumaliza minda. Mabanja ankakhala motalikirana kwambiri, moti Lamulungu ndi limene linkawasonkhanitsa, poyamba m'nyumba ya munthu kapena m'kalasi, kenako m'tchalitchi chomanga okha. Wina akadwala nthawi yokolola, a mumpingo ankam'kololera. Chikhulupiriro chotere ine ndimachilemekeza.

Koma tamvani. Udzu uja unali ndi mizu yozama, ndiyo inkagwira nthaka. Tirigu atakwera mtengo, anthu anagaula udzuwo ndi mathirakitala, dera lalikulu n'kukhala pambalambanda. M'ma 1930 mvula inadula, mphepo n'kuyamba kunyamula dothi lachonde. Pa 14 Epulo 1935, Lamulungu, fumbi linaphimba dzuwa masanasana mpaka ena anagwada poganiza kuti dziko likutha. Ana ankadwala chifuwa cha fumbi, ng'ombe zinkafa, mabanja ambiri anasamukira ku California.

Ankapempherera mvula, ndipo sankalakwa. Koma mvula sanaimitse ndiwo, pomwe udzu anazula okha. Mu 1935 momwemo boma linatsegula ofesi yoteteza nthaka motsogozedwa ndi Hugh Bennett. Alimi anaphunzira kulima mopingasa ndi kutsetsereka kwa malo, monga timachitira ife ndi akalozera, ena anabwezeretsa udzu m'minda yoguga, ndipo pofika 1942 anali atabzala mitengo yoposa 200 miliyoni yotchinga mphepo, kuchokera ku North Dakota mpaka ku Texas.