Chibaluni Chimene Sichidzaulukanso

Moni nonse abale ndi alongo amene mukundimvera ku Blantyre, kuyambira ku Limbe, ku Ndirande, ku Chilomoni mpaka ku Bangwe, komanso inu anzanga amene muli kunja ngati ine. Ndikulankhula kuchokera mumzinda wa Bristol, kumwera chakumadzulo kwa England, ndipo lero ndikufuna kukufotokozerani za ntchito imene ndakhala ndikugwira Loweruka lililonse kuyambira m'nyengo yozizira yapitayi, yokonzanso chibaluni chakale cha mpweya wotentha kuti anthu azichiona ndi kulowa m'kati mwake.

Ambiri mwa inu mukudziwa kuti ntchito imene imandipatsa ndalama kuno ndi yosamalira okalamba, ndipo nthawi zambiri ndimagwira usiku. Ndi ntchito yolemekezeka, ndiyonso imalipira fizi ya ana kumudzi, koma palibe amene amakufunsa kuti manja akowa ankachita chiyani usanabwere. Ine ndinali telala. Ndinaphunzira kusoka kwa amalume anga pakhonde la sitolo ina ku Limbe, pa makina opalasa ndi phazi, ndipo mayunifolomu a sukulu, madiresi a ukwati ndi mathalauza a kaunjika ofunika kuchepetsa zinadutsa m'manja mwanga zaka zambiri. Nditafika kuno luso limenelo linangogona, kufikira tsiku limene mayi wina amene timapemphera naye anandiuza kuti kagulu kena ka anthu odzipereka kakufuna munthu wodziwa kuyendetsa makina osokera.

Kuti mumvetse chifukwa chake anthu angataye nthawi pa chibaluni chakutha, muyenera kudziwa kaye kuti Bristol ndi kwawo kwa mabaluni. M'chaka cha 1967 anthu ena a m'dera lino anapanga chibaluni chotchedwa Bristol Belle, choyamba cha mtundu wamakono m'dziko la Britain, ndipo mmodzi mwa iwo, Don Cameron, anadzakhazikitsa kampani ya Cameron Balloons mu 1971, imene mpaka lero ikusoka mabaluni m'dera la Bedminster. Kumeneko ndi kumene kunasokedwa Breitling Orbiter 3, chibaluni chimene Bertrand Piccard ndi Brian Jones anazungulira nacho dziko lonse osatera paliponse m'mwezi wa Malichi 1999, atanyamuka ku Switzerland n'kukatera m'chipululu cha ku Egypt. Kuyambira 1979 mumzinda uno mumachitika chikondwerero cha mabaluni, masiku ano m'mwezi wa Ogasiti pabwalo la Ashton Court, ndipo nyengo ikalola mabaluni ambirimbiri amanyamuka m'mamawa ndi madzulo, anthu ali yang'anu kumwamba. Mwana wobadwira kuno amakula akuona mabaluni akudutsa pamwamba pa denga la kwawo, choncho chibaluni chikakalamba sachiona ngati chinsalu chabe.

Chimene tinapatsidwa ife chinasokedwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo mwini wake, bambo wina wachikulire amene anachiulutsa kwa nthawi yaitali, anachisunga m'galaja atasiya kuuluka. Titamasula chithumba chake, chinthu choyamba kutilandira chinali fungo la chinyezi. Tinachiyala pansi m'holo yaikulu, tonse titavula nsapato, ndipo ndinaona kuti kutalika kwake kunaposa mamita 20. Nsalu yake inali ya mizere yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, koma chakumtunda kufiira kuja kunali kutasuluka, ndipo mwina ndi mwina munali madontho akuda a nkhungu ndiponso mabowo amene mbewa zinaboola.

Chibaluni chimasokedwa m'zigawo zazitali zochokera kukamwa mpaka kumutu, zoyalana ngati zigawo za nachesi, ndipo chigawo chilichonse chimakhala ndi tizidutswa tambiri tolumikizana. Nsalu yake ndi nailoni yopepuka kwambiri, yolukidwa ndi ulusi wokhuthala m'mizere yopingasana, kotero kuti ukaiyang'ana pafupi umaona timabokosi ting'onoting'ono. Timabokosi timeneti ndi timene timaletsa kuti pong'ambika pasapitirire. Pamwamba pa nsaluyo amapakapo mankhwala otseka mipata kuti mpweya usatuluke. Kulemera kwa dengu limene anthu amakweramo, pamodzi ndi anthuwo, sikunyamulidwa ndi nsaluyo ayi, koma ndi malamba olimba amene amasokeredwa m'misoko kuchokera pa mkombero wachitsulo wa kumutu mpaka kukamwa, kumene amalumikizana ndi nthambo zachitsulo zopita ku dengu. Pafupi ndi kamwa amaikapo nsalu ina yotchedwa Nomex, yosagwira moto msanga, chifukwa apo ndi pamene lawi la gasi wa propane limadutsa. Mpweya wa m'kati umatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 100, ndipo popeza mpweya wotentha ndi wopepuka kuposa wozizira, chibaluni chimakwera. Woyendetsa akafuna kutsika amakoka chingwe chimene chimatsegula chivindikiro cha nsalu kumutu, mpweya wina n'kutuluka.

Kutentha kumeneko, pamodzi ndi dzuwa, ndi kumene kumapha nsalu. Chibaluni chikauluka maola mazana angapo, nsalu ya kumutu imafooka ndipo mankhwala aja amayamba kusupuka. Pali njira yoyesera imene ndinaiona ndi maso anga: amapana nsalu ndi zopanira ziwiri n'kuikoka ndi sikelo, ndipo iyenera kupirira mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 14 osang'ambika. Yathu inang'ambika sikelo isanafike n'komwe pamenepo. Bambo aja anali ataima pambali, ndipo atamva kulira kwa nsalu ikung'ambika anangogwedeza mutu n'kunena kuti ankadziwa kale. Kuyambira tsiku limenelo nkhani yoti chibalunichi chidzanyamulenso munthu inatha, ndipo funso linatsala loti tichite nacho chiyani.

Tinagwirizana zochisandutsa nyumba ya mpweya. Chibaluni chisanaimirire, oyendetsa amayamba achigoneka pansi n'kuchidzaza mpweya wozizira ndi fani yaikulu, kenako n'kuyatsa moto. Ife tinaganiza zoimira pa sitepe yoyambayo, kuti chibaluni chizigona chammbali, fani izichifufumitsa popanda moto uliwonse, ndipo anthu azilowera kukamwa n'kuyenda m'kati mpaka kumutu. Nsalu yofooka imapirira zimenezi chifukwa sinyamula katundu ndiponso sitenthedwa. Chivindikiro cha kumutu tinachisokerera kuti chisatsegukenso, kukamwa tinasokako khomo la nsalu ziwiri zopitana kuti mpweya usathawe munthu akamalowa, ndipo kunja tinawonjezera malamba omangirira matumba a mchenga kuti mphepo isachigubuduze.

Ntchito yanga yeniyeni inali ya zigamba ndi misoko. Makina ake ndi a singano ziwiri zoyenda limodzi, ndipo msoko wake umapindidwa mokolana, mbali iyi kulowa m'mbali iyo, kotero kuti ulusi umadutsa nsalu zinayi nthawi imodzi. Atelala a ku Blantyre mukuudziwa msoko umenewu, chifukwa ndi womwe uja wa m'mbali mwa jinzi. Chovuta chake ndi chakuti nailoni imaterera, ndipo pamene ukusoka kachigamba kochepa ngati chikhatho, kumbuyo kwako kuli mulu wa nsalu wolemera makilogalamu ambiri umene ukukukokera pansi, choncho anthu awiri ankaima pambali panga kumandinyamulira nsaluyo kuti iziyenda mofanana ndi makina. Nsalu yakale imafunanso ulemu. Ukathina ulusi kwambiri kapena kufupikitsa masitichi, singano imaboola timabowo toyandikana ndipo nsaluyo imadzang'ambikira pomwepo, motero ndinatalikitsa masitichi pang'ono, n'kumayendetsa makina modekha, chala chili patsogolo pa singano kumva ngati nsalu yayamba kukwinyika. Zimenezi amalume anandiphunzitsa pa malaya akale a anthu osauka, amene mwini wake sakanatha kugula ena, ndipo ndinazipeza zikugwira ntchito chimodzimodzi pano.

Panabuka kusiyana maganizo pa nkhani ya zigawo zosuluka. Anzathu ena ankafuna kuti tizichotse zonse n'kuikapo nsalu yatsopano yowala, poti anthu amakopeka ndi chinthu chokongola. Ine sindinagwirizane nazo, ndipo ndinanena poyera ngakhale ndinali mlendo pagulupo. Kusuluka kuja ndi umboni wa dzuwa limene chibalunicho chinakumana nalo m'mwamba, ndipo tikanachotsa zonsezo tikanatsala ndi chibaluni chatsopano chobwereka dzina la chakale. Ndinapempha kuti tichotse pokhapokha pamene pawola, ndipo zigamba zake tizidule ku chibaluni china chakutha cha zaka zomwezo, chimene munthu wina anatipatsa, kuti nsalu zikhale za mphamvu yofanana, chifukwa chigamba cholimba kwambiri chimang'amba nsalu yofooka imene chasokeredwapo. Mfundo yachiwiriyi ndi imene inawagonjetsa, ndipo mayi amene ankatsogolera ntchitoyo anayamba kumandifunsa maganizo asanadule paliponse. Sindibisa, zimenezi zinandikhudza mtima. Munthu ukakhala kunja umazolowera kuthokozedwa chifukwa cha kupirira kwako, koma kufunsidwa nzeru chifukwa cha luso lako ndi chinthu chosowa, ndipo ndinali nditaiwala kukoma kwake.

Tsiku loyamba kuchionetsa linali m'holo ya masewera pasukulu ina ya pulayimale. Fani italira, nsalu inayamba kutukuka pang'onopang'ono kuchokera kukamwa, makwinya akuwongoka, mpaka chinthu chonse chinadzaza holoyo kutsala pang'ono kukhudza denga. Ana analowa atavala masokosi okha, ndipo kuwala kochokera m'mawindo kutadutsa m'nsalu, nkhope zawo zinasanduka zofiira ndi zachikasu malinga ndi pamene aima. Ambiri anagona chagada kuyang'ana mmene misoko yonse ikukakumanirana pa mkombero wa kumutu. Kamtsikana kena kanapeza chigamba changa chimodzi, kanachisisita ndi chala n'kufunsa chimene chinachitika pamenepo, ndipo nditakauza kuti panadya mbewa, kanaitana anzake onse kuti ayambe kusaka zigamba zina. Zigamba zimene ena ankaopa kuti zinyansitsa chibaluni ndi zimene zinasunga anawo m'katimo nthawi yaitali.

Bambo achikulire aja anakhala pampando pafupi ndi khomo n'kumawafotokozera anawo mbiri yake. Anawauza za abale awiri a ku France, Joseph ndi Étienne Montgolfier, opanga mapepala, amene anaonetsa chibaluni chawo poyera m'tauni ya Annonay pa 4 Juni 1783. Anawauzanso kuti pa 19 Seputembala chaka chomwecho nkhosa, bakha ndi tambala zinakwezedwa m'mwamba ku Versailles pamaso pa mfumu, ndipo pa 21 Novembala amuna awiri, Pilâtre de Rozier ndi Marquis d'Arlandes, anauluka pamwamba pa Paris akusonkhezera moto wa udzu. Chibaluni cha nailoni ndi gasi chimene tikuchidziwa lero chinabwera mochedwa kwambiri, mu 1960, pamene Ed Yost anachiulutsa ku Nebraska m'dziko la America. Anawo anaseka kwambiri nkhani ya tambala, koma ndinaona kuti ankamvetsera bwino chifukwa chinthu chimene ankauzidwacho chinali chitawazungulira, akuchigwira ndi manja.

Pamene ndinkaona zimenezi maganizo anga anali kwathu. Amene munapitako ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri mukukumbukira mitu ya sitima zamalasha imene ili panja, ndipo tonse timadutsa pa Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamalizidwa mu 1891. Zinthu zoterezi zimakhalitsa pokhapokha pakapezeka anthu ozigwira ndi manja kawirikawiri, ndipo anthu otero ku Blantyre ndi osasowa. Amisiri a ku Ndirande amene amasula ndowa ndi mbaula, owotcherera zitsulo, akalipentala, oluka mipando ndi atelala a m'makonde amadziwa kale kutalikitsa moyo wa chinthu, chifukwa ndiyo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Chimene ndaona kuno n'chakuti anthu wamba amasonkhana mwa kufuna kwawo, napempha chilolezo kwa eni chinthu, nagawana ntchito malinga ndi luso la aliyense, ndipo amalemba m'buku chilichonse chimene asintha kuti wobwera pambuyo adzadziwe nsalu yoyambirira ndi yowonjezera. Buku lathu lili ndi chithunzi cha chibaluni chonse, ndipo chigamba chilichonse chili ndi nambala yake ndi tsiku limene chinasokedwa.

Ntchito sinathe. Dengu lake, lolukidwa ndi nthambi za zomera zotchedwa willow ndi rattan chifukwa zimapindika chibaluni chikamatera m'malo mothyoka, lili ndi mbali imodzi yofumbwa, ndipo chikopa cha m'mphepete mwake chauma n'kusweka. Tikufuna kulikonza kuti liziima pambali pa chibaluni, choyatsira moto chili pamwamba pake koma chosalumikizidwa ku gasi, kuti ana azikweramo n'kuona mmene woyendetsa ankaimira. Kusoka chikopa ndi manja sindinakuchitepo kwambiri, choncho ngati pakati pa inu omvera pali osoka nsapato kapena okonza mipando ya galimoto amene angandilangize za ulusi woyenera ndi kafewetsedwe ka chikopa chouma, nditumizireni uthenga ndipo ndidzawerenga malangizo anuwo m'gawo lotsatira. Zikomo kwambiri pondimvera, tsalani bwino.