Pofiira pa mapu sikuti pali golide

[Kamera ili pa chitunda, msewu wa ku Tsangano ukuonekera kumunsi]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili kuno ku Ntcheu, ndipo m'manja mwangamu muli mapu awiri.

Ambiri mukuikumbukira ndege ija inkauluka motsika kwambiri pofufuza miyala ya pansi pa nthaka, anthu n'kuitcha Kauniuni. Zotsatira zake boma linazitulutsa mu 2015. Chiyambire pamenepo ndakhala ndikumva anthu akuloza pofiira pa mapu n'kumati golide ali pompa. Zimandiwawa, chifukwa munthu akhoza kugulitsa mbuzi zake kuti akakumbe pamalo opanda kanthu.

[Mapu oyamba]

Ndege ija sinkaona golide. Golide sakokedwa ndi maginito. Chida chake cha maginito chimamva miyala yokhala ndi chitsulo, makamaka magnetite ndi pyrrhotite. Pofiirapa mphamvu ya maginito yakwera, pabuluupa yatsika, basi.

Nanga phindu lake n'chiyani? Mapuwa amaulula ming'alu ikuluikulu ya m'thanthwe, njira zimene madzi otentha anadutsamo kalekale atanyamula golide ndi cobalt, chitsulo china chimene makampani amafunanso. Nthawi zina madzi omwewo amadya magnetite m'njira yawo, mphamvu ya maginito n'kutsika, ndiye katswiri amasiya pofiira n'kutsatira kamzera kabuluu aka.

[Mapu achiwiri, a timadontho]

Kadontho kalikonse ndi dothi limene linatapidwa, kuikidwa m'kathumba n'kupita ku labotale. Golide wa m'dothi amayezedwa mu ppb, ndipo 1 ppb ndi galamu imodzi m'matani 1,000 a dothi. Taganizani kuchepa kwake! Cobalt amayezedwa mu ppm, galamu imodzi pa tani.

Apa ndi pofunika kudekha. Kadontho kamodzi ka nambala yokwera sikanena kanthu, mwina kambewu kamodzi ka golide kanangogwera m'thumbalo. Timafuna timadontho tambiri totsatana, ndipo arsenic kapena kopa, zinthu zimene zimakonda kupezeka pamodzi ndi golide, akakwera nawo limodzi, mtima umayamba kugunda.

Cobalt ndiye amanamiza kwambiri. Manganese wa m'dothi, uja amadetsa timiyala, amamata cobalt ngati ulimbo, ndiye nambala imakwera pomwe pansi palibe chokumba. Komanso pali miyala ina imene mwachibadwa imakhala ndi nickel ndi cobalt wochulukirapo, ya mtundu ngati wa pa phiri la Chimwadzulu pomwe pamapezeka miyala ya ruby paja. Nambala imene ingadabwitse kwina, pa miyala yotereyi n'chizolowezi chabe.

Musaiwalenso kutsetsereka. Inu olima mbatata ya kachewere m'mapiri muno mukudziwa mmene mvula imakokololera nthaka. Golide wa m'dothi amatsikanso chimodzimodzi, choncho gwero lake limakhala kumtunda kwa pomwe mwamupeza.

[Akusanjikiza mapu awiri aja]

Tiyerekeze kuti timadontho tokwera tandandalika m'munsi pang'ono mwa mng'alu uja, ndipo mzere wake ukuloza komwe mng'aluwo ukuloza. Apo ndiye kampani imakumba ngalande kuti ione thanthwe lenileni, kenako imabweretsa makina oboola. Mwala wautali ngati musi umene umatuluka m'dzenjemo amaucheka pakati, theka lina kusunga, lina kulabotale. Maenje ambiri otere amabwera opanda kanthu ngakhale mapu onse awiri anagwirizana.

Wina akakuonetsani mapu ofiira n'kukuuzani kuti musonkhe ndalama, mufunseni kuti anaboola maenje angati, ndipo labotale inapeza magalamu angati pa tani.