Ndalama ya matenda musaimangirire pa mbuzi

Zikomo a tcheya, zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse. Sinditalikitsa, ndaona kumwamba kwayamba kuda ndipo ena mwasiya mphale padzuwa.

Ndani pano anapitako kuchipatala cha boma, n'kuonana ndi adokotala osalipira kalikonse, koma pa zenera n'kumva kuti mankhwala atha, mukagule ku famase? Ee, manja ndi ambiri, tsitsani. Nanga wanjinga yamoto wokunyamulani usiku amadikira kuti mukolole? Kuchipatala cha mishoni, za CHAM zija, ndiye mukudziwa kale kuti sitipita chimanjamanja. Anzathu apantchito amadulidwa ya MASM, inshuwalansi ya zachipatala ija, mwezi ndi mwezi. Ife MASM wathu ndi thumba la zadzidzidzi la banki nkhonde ino, lomwe ambirife timaponyamo monyinyirika.

Vuto ndi lakuti ndalama imene tinagwirizana kuponya kalekale sitinaisinthe, pomwe kwacha inasintha. Mu May 2022 anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 anaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Mankhwala ambiri amachokera kunja, mafuta agalimoto chimodzimodzi, ndiye dola ikakwera, kudwala nakonso kumakwera mtengo. Ndalama ya pansi pa mphasa ili ngati chimanga chothiridwa m'thumba popanda mankhwala: thumba lili chilili, koma anankafumbwe akudya m'kati.

Ena akamva zimenezi amati, basi zonse tigule mbuzi. Mbuzi ndi yabwino, imaswa, ndipo mtengo wake umakwera limodzi ndi zinthu zina. Koma mwana atenthe thupi pakati pa usiku, m'mawa mukoke mbuzi ija kupita nayo kumsika. Wogula amayamba wakuyang'anani pankhope asanayang'ane mbuzi. Akaona kuti simunagone, mtengo amatchula ndi iye. Mukakana, kwatsala n'kwa a katapila, ndipo kumeneko sindifuna ndi kunenako komwe.

Choncho ya matenda ikhale pafupi, mu bokosi la gulu, pa Mpamba kapena pa Airtel Money, poti mutha kuitapa lero lomwe. Idzafooka ndithu, vomerezani. Chofunika n'kumaionjezera. Ine ndimati muyeso wake ukhale thiransipoti yopita ndi kubwera kuchipatala chachikulu, wodwala ndi womudikirira, kuphatikiza mankhwala ndi chakudya cha masiku angapo. Thiransipoti ikakwera, choponya chikwerenso.

Yotsalayo ndiyo isagone. Ziweto, kapena kugula chimanga pokolola n'kudzagulitsa mu January. Amene muli ndi kochulukirapo, ku Blantyre kuli Malawi Stock Exchange komwe munthu wamba amagula masheya, kapena kuti timagawo ta kampani, a Illovo, TNM, Airtel kapena National Bank kudzera mwa mabulokala ovomerezeka, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani, koma masheya amathanso kutsika, musaikeko ya fizi. Boma nalo limabwereka kwa anthu kudzera ku Reserve Bank, kwa masiku 91, 182 kapena 364. Kulikonse funsani chiwongoladzanja, muchiyerekeze ndi mmene shuga ndi sopo zakwerera chaka chino. Chikachepera, mukuluza ngakhale buku likuonetsa phindu.

Alembi, lembani kuti sabata yamawa aliyense abwere atafunsa mtengo wa njinga yamoto kupita kuboma, tidzawerengere limodzi choponya chatsopano. Mayi kumbuyoko munakweza dzanja, funsani.