Wansembe amene ankawerenga nsawawa

Zikomo amfumu, zikomo akuluakulu a mphakati, amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, mawu angawa ndi a nkhalamba.

Ife a ku Mchinji ansembe timawadziwa. A White Fathers anafika pa Kachebere mu 1903, ndipo seminale ya pamenepo yasula ansembe ambiri. Tikamati wansembe timaganiza za Misa, ubatizo, maukwati, maliro ndi kuyendera odwala. Koma lero ndikuuzani za wansembe wina amene ntchito yake ili m'munda mwanu, ngakhale sanapondeko kuno. Dzina lake Gregor Mendel.

Anabadwa mu 1822, mwana wa mlimi wosauka ngati ife tomwe. Fizi inkavuta, moti kulowa m'chipani cha Augustino Woyera mumzinda wa Brno, m'dziko lomwe lero timati Czech Republic, kunamutsegulira njira yopitiriza sukulu. Mayeso a uphunzitsi analephera kawiri. Ana asukulu mwamva? Kawiri!

Kuyambira 1856 mpaka 1863 bamboyu anali m'kadimba ka pa nyumba yawo, kubzala nsawawa. Ndati nsawawa, amayi, osati nsawa zathu zosinjirazi. Anasankha mbewu imeneyi chifukwa duwa lake limadzipatsa lokha mungu. Iye ankatsegula duwa lisanakhwime, kuchotsa timitu ta mungu, n'kutenga mungu wa chomera china n'kupakapo. Duwa limodzilimodzi, ndi manja. Zomera zonse zinakwana pafupifupi 28,000.

Tsono mvetserani apa, ndi pamene pagona nkhani. Anakwatitsa nsawawa yaitali ndi yaifupi. Inu mukanayembekeza ana amsinkhu wapakati, si choncho? Ayi ndithu. Ana onse anatuluka aatali, ufupi uja unangoti zii. Wina akanasiyira pomwepo, koma iye anasunga mbewu za anawo n'kubzalanso. Pa zidzukulu, zazitali zinali 787, zazifupi 277. Ufupi uja wabwereranso! Anayesanso pa mtundu wa njere: zachikasu 6,022, zobiriwira 2,001. Paliponse pafupifupi zitatu mbali iyi, imodzi mbali inayo.

Apo ndi pamene anazindikira kuti chomera chimalandira chibadwa kuchokera kwa makolo onse awiri, ndipo china chimaonekera pamene chinzake chimabisala osafa. N'zimene agogo athu ankanena akaona mwana wofanana ndi agogo ake, osati bambo kapena mayi. Kusiyana kwake n'koti wansembeyu anakhala pansi n'kuwerenga.

Tibwere kumunda kwathu. Chimanga cha haibulidi chomwe timagula kusitolo ndi ana oyamba aja: makolo awiri osiyana akwatitsidwa, ana onse afanana msinkhu, ali ndi mphamvu. Mukatapa mbewu m'nkhokwe chaka chotsatira, ndiye kuti mwabzala zidzukulu. Zobisika zija zimatulukira. Phesi ili lalitali, ili lalifupi, chitsononkho ichi chachikulu, icho chopinimbira. Ineyo ndinachitapo zimenezi chaka china ndalama zitandithera, ndipo ndinada feteleza, ndinada mvula, mpaka kuyamba kukayikira mnansi wanga. Musaseke, ena muli pano munafika kwa sing'anga.

Abambo akufunsa za mtedza ndi soya. Funso labwino. Zimenezo zimadzipatsa zokha mungu ngati nsawawa, n'chifukwa chake mtedza wa CG7 kapena Chalimbana mumatha kusunga mbewu nyengo zingapo osasintha kwenikweni. Chimanga n'china: mungu umachoka ku ngayaye, mphepo n'kuuulutsa kukagwera pa ndevu za chimanga cha munda wa mnzako. Njere zamawangamawanga pa chitsononkho chimodzi zimachokera kumeneko.

Mendel anafotokoza zomwe anapeza pa msonkhano wa anthu ophunzira mu 1865, zinasindikizidwa mu 1866, koma anthu sanazilabadire. Mu 1868 anamusankha kukhala mkulu wa nyumba yawo, ndipo mukudziwa udindo mmene umadyera nthawi. Anathera zaka akukangana ndi boma pa nkhani ya msonkho, dimba lija n'kulisiya. Kunena zoona, ine ndimadandaula kuti anamukweza. Anamwalira mu 1884, ndipo mpaka mu 1900 ndi pamene akatswiri atatu a zomera anatulukiranso ntchito yake.

Dzuwa lapendeka ndipo amayi akufuna akayatse moto. Loweruka likudzali aliyense abwere ndi chitsononkho chimodzi cha chimanga cha makolo, makamaka chamawanga. Tidzatonola pamphasa pano, tidzaike njere zoyera uku, zofiira uko, tiwerenge tokha. Anyamata a kwaya, inu mudzabwere ndi kope ndi cholembera.