Amaveka ndani anthu a mu filimu? Ntchito ya Ruth Carter ndi zovala za ku Wakanda

[Chithunzi: Angela Bassett atavala chipewa choyera mu Black Panther]

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Ndisanayambe kulongolola taonani kaye chithunzichi. Mayi awa sanatsegule pakamwa olo pang'ono koma inu mwadziwa kale kuti ndi munthu wamkulu, wa kunyumba yachifumu, oti ukakumana nawo panjira umapatuka nkugwada. Wakuuzani ndani? Ndi chipewacho ndi chinthu chili pamapewacho basi. Ndiye pali munthu amene anakhala pansi miyezi akuganiza za chipewa chimenechi, dzina lake Ruth E. Carter, ndipo ntchito yake pachingerezi amati costume designer, ife tingoti wokonza zovala za mu filimu. Lero tikambe za ntchito imeneyi, ine imandikhudza kwambiri chifukwa ambirife tikaonera filimu timangotchula ma actor ndi dayilekita, munthu wa zovala sitimuwerengera nkomwe.

Choyamba tichotse maganizo oti ameneyu ndi telala. Matelala alipo ndithu mu gulu lake, odula nsalu, osoka, onyika nsalu mu utoto, opanga zipewa ndi nsapato, koma iyeyo ntchito yake imayambira pa pepala. Amapatsidwa script, nkhani yolembedwa ya filimuyo, amaiwerenga kangapo, kenako amayamba kulemba kuti nkhaniyi ikutenga masiku angati, munthu uyu akuoneka mu ma scene angati, akusintha zovala kangati, pati pamene mvula imunyowetse, pati pamene amenyedwe mpaka magazi. Ndiye amafunsa mafunso oti script sinalembe. Munthuyu ndalama ali nazo? Malayawa anagula yekha kapena ndi osiyiridwa ndi mkulu wake? Amachapa ndani kunyumba kwake? Ndi munthu ofuna kuonekera kapena obisala? Mayankho ake ndi amene amasanduka kolala, mabatani, kutalika kwa thalauza. Akatero amajambula zithunzi nkukakambirana ndi dayilekita komanso munthu wa kamera ndi okonza malo ojambulira, poti ukaveka munthu diresi lofiira nkukamuimika pakhoma lofiira ndiye kuti wamusowetsa.

[Chithunzi: Ruth Carter atanyamula Oscar]

Ruth Carter anabadwa mu 1960 ku Springfield, Massachusetts, ku America, anaphunzira ku koleji ya Hampton ndipo anayambira ku zisudzo za pa siteji. Amene anamukokera ku mafilimu ndi dayilekita Spike Lee, filimu yawo yoyamba limodzi ndi School Daze ya 1988. Chaka chotsatira anapanga Do the Right Thing, nkhani yochitika tsiku limodzi lotentha koopsa ku Brooklyn, ndiye mukaionera muone mitundu ya zovala, zofiira, zachikasu, zaolenji, mpaka iwe oonera umamva kutentha uli chikhalire pa mpando. Mu 1992 anaveka Denzel Washington mu Malcolm X, ndipo apa ndi pamene ntchitoyi imaoneka bwino, munthu mmodzi yemweyo akuyamba ndi masuti akuluakulu a mitundu yowala a anyamata a mtauni m'zaka za m'ma 1940, kenako zovala za kundende, kenako suti yakuda yosalala ndi tayi yopyapyala ndi magalasi, mpaka nsalu zoyera za ku Mecca. Olo mutazimitsa volume mutha kutsatira mmene moyo wa munthuyu ukusinthira pongoona zovala. Filimu imeneyi inamulowetsa Carter pa mndandanda wa opikisana pa Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, Amistad ya 1997 inamulowetsanso, koma kuwina ayi.

Mphoto ya Oscar ya zovala inayamba kuperekedwa mu 1949, ndipo mayi wina dzina lake Edith Head anaiwina ka 8 yekha. Koma zinatenga zaka 70, mpaka 2019, kuti munthu wakuda aiwine, ndipo anali Ruth Carter yemweyu ndi Black Panther. Mu 2023 anawinanso ndi Wakanda Forever nkukhala mzimayi wakuda oyamba kukhala ndi ma Oscar awiri.

Tsopano tibwere pa Wakanda penipenipo, dziko la mu Black Panther. Vuto lake linali lakuti dzikoli kulibeko, ndi lopeka, dziko la mu Africa loti silinalamulidwepo ndi atsamunda koma lili patsogolo pa sayansi kuposa aliyense. Anthu ake angavale chani? Njira yachidule, imene Hollywood yakhala ikuchita kwa zaka zambiri, ndi kungotenga zikopa za nyalugwe ndi nthenga nkuti basi Africa ndi imeneyi. Carter ndi dayilekita Ryan Coogler sanafune zimenezo, fuko lililonse la ku Wakanda analimangira pa anthu enieni amene alipo.

[Chithunzi: asilikali achizimayi, a Dora Milaje]

Taonani asilikali awa. Kufiirako ndi mikandayo zachokera kwa Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, zitsulo za m'khosizo ndi za Andebele a ku South Africa. Koma onetsetsani, Okoye amene ndi mkulu wawo zake ndi zagolide pomwe anzake ndi zasiliva, ndiye udindo wake ukuoneka popanda wina kunena kuti awa ndi abwana. Chinanso chimene chimandisangalatsa, azimayiwa avala ngati asilikali enieni, thupi lonse lotetezedwa, nsapato zafulati zoti munthu athamange nazo, osati zija timaona m'mafilimu ena mzimayi akupita kunkhondo mimba ili pamtunda atavala gogoda.

Olondera malire aja, gulu la W'Kabi amene anasewera Daniel Kaluuya, afunda mabulangete a Abasotho a ku Lesotho. Amene munakhalako ku Joni mwawaonapo Abasotho atafunda chonchi. Coogler anakafika yekha ku Lesotho nkuwaona mabulangetewa, ndipo mu filimu anawasandutsa zishango, munthu akangotambasula bulangete likutchinga zida. A Jabari, anthu a kumapiri otsogozedwa ndi M'Baku, anatengera kwa Adogoni a ku Mali. Fuko la amalonda anatengera kwa Atuareg a m'chipululu cha Sahara ndi nsalu zawo zabuluu wakuda. Mayi wa fuko la migodi, tsitsi lake lopaka dothi lofiira lija, ndi Ahimba a ku Namibia. Ndiye pali mdala uja wa fuko la kumtsinje, ali ndi chimbale pamlomo ngati Amursi a ku Ethiopia koma wavala suti yobiriwira yosokedwa mwamakono, ine ndimaona kuti ganizo lonse la filimuyi lili pa mdala ameneyu, sanasiye za makolo ake kuti aoneke otsogola, wanyamula zonse pamodzi.

Chipewa tinayambira chija chachokera ku isicholo, chipewa cha azimayi okwatiwa achizulu. Carter ankafuna kuti chikhale chozungulira bwinobwino mopanda kupotoka, kusonyeza kuti dziko ili lili ndi makina apamwamba, ndiye sanachiluke pamanja, anagwira ntchito ndi Julia Koerner wa ku Austria nkuchipanga pa makina a 3D printer. Ndipo pa scene ya ku casino ku Busan, T'Challa mfumu ya Wakanda wavala zakuda, Okoye zofiira, Nakia kazitape wa Wakanda zobiriwira, atatuwa akayenda limodzi ndi mbendera ya Pan-African ija, ya umodzi wa anthu akuda, mitundu yomweyonso ili pa mbendera yathu ya Malawi. Ambiri tinaonera osazindikira koma diso linalandira.

Pali anthu ena a mu Africa muno amene anadandaula kuti kusakaniza Amasai, Azulu, Atuareg mu dziko limodzi kukupangitsa azungu kuganizabe kuti Africa ndi mudzi umodzi. Dandauloli ine ndimalimva, si lopanda pake. Koma ndikaona kuti chinthu chilichonse chikulozeka kumene chinachokera, ndi dzina la eni ake, ndimaona kuti mayiyu anachita homework yake, sanangotola.

[Chithunzi: malaya asanu ofanana ali pa mahang'ala]

Tsopano mbali imene siioneka, ndipo kwa ine ndiye mtima wa ntchitoyi. Filimu sajambula motsatira nkhani ayi, atha kuyamba ndi scene yomaliza Lolemba nkudzajambula yoyamba patatha mwezi. Ndiye ngati munthu wamenyedwa pakati pa nkhani, malaya ake amafunika akhalepo angapo ofanana ndendende, oyera, ena ada pang'ono, ena ong'ambika paphewa, ena amagazi, kuphatikizapo a munthu uja amalowa m'malo mwa actor pa zoopsa monga kudumpha pagalimoto. Pamakhala munthu oti ntchito yake ndi kujambula zithunzi ndi kulemba kuti batani lachiwiri linali lotsegula, mkono wakumanzere unali opinda kawiri, kuti akadzapitiriza scene yomweyo sabata yamawa zisasiyane. Munaonapo mu filimu munthu akulowa pakhomo atavala jekete nkutulukira mkati alibe? Pamenepo ndiye kuti munthu ameneyu panalibe.

Kamera nayonso ili ndi zokonda zake. Nsalu yoyera mbee imathobwa kamera, ndiye amainyika kaye mu tiyi kapena utoto ochepa kuti izime pang'ono koma inu mumaionabe yoyera. Timizere ting'onoting'ono timavina pa screen. Nsalu ina imachita phokoso, kamaikolofoni kobisa pachifuwa kamangotola kuti tswatswatswa m'malo mwa mawu. Ndipo ngati akujambulira pa nsalu yobiriwira ija amadzaikapo zithunzi za pa kompyuta, munthu sangavale zobiriwira zofanana nayo, thupi lake lisowa.

Ndiye pali kukalambitsa zovala. Chovala chatsopano amachikhula ndi sandipepala, ena ndi chopalira tchizi, kuchichapa kambirimbiri, kuchipaka dothi ndi utoto, kuika miyala m'matumba kuti alendewere ngati a munthu amene wakhala akuikamo makiyi zaka zitatu. Ndipo sikungodetsa paliponse, umayenera kudziwa mmene munthuyo amakhalira. Malaya a mlimi amasuluka pamapewa ndi kumsana pamene dzuwa limamenya iye atawerama, phewa limodzi limaperepeseka kuposa linzake chifukwa ndi pamene pamakhala mpini wa khasu. Chitenje cha mayi oyamwitsa chimatha pakati pamene pamakhala mwana, ndipo nsonga zake zimakhala zofota chifukwa chomanga mfundo tsiku ndi tsiku. Wakabaza thalauza lake limatha pamatako ndi mwendo wakumanja kumunsi kumene tcheni chimadetsa. Amene anaonera The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba imene Chiwetel Ejiofor anadzajambula konkuno ku Kasungu, kaoneninso muyang'ane zovala zokha, yunifolomu ya sukulu ya mnyamatayo kumayambiriro, ndi mmene zovala za banja lonse zikumka zituwa njala ija ikamakula.

Apa ndiye pali dandaulo langa. Tsiku lina ndinkaonera filimu ya kwathu konkuno, sinditchula dzina, nkhani yabwino zedi, mayi wamasiye kumudzi ana agona ndi njala masiku awiri, actor akulira misozi yeniyeni ine mpaka mtima kuwawa. Kenako waimirira, chitenje chake chili ndi mizere ija ya mmene anachipindira mushopu, chikuwala, kapepala kamtengo kokha ndi kamene anachotsa. Basi nkhani yonse inandithera pompo, ndinasiya kuona mayi wamasiye nkuyamba kuona munthu amene wabwera kudzajambulitsa. Zinandiwawa chifukwa mayiyo ntchito yake anaigwira, chimene chinamugwetsa ndi choti panalibe munthu oganizira za chitenje.

Ndikudziwa opanga mafilimu athu ayankha kuti ndalama, ife tilibe bajeti ya Marvel, kampani imene inapanga Black Panther, ma actor amangouzidwa kuti mubwere ndi zovala zanu. Zoona, ndipo munthu ukamuuza kuti abwere ndi zake zoti akaonekere pa TV abweretsa za ku tchalitchi, palibe angabwere ndi sanza mwakufuna kwake. Koma pa nkhani ya chitenje chija 3D printer sikufunika. Kaunjika ali pa msika uliwonse, matelala ali pakhonde la shopu iliyonse, dothi lofiira ndi laulere. Mutha kupita kumudzi komwe mukujambulirako ndi chitenje chatsopano nkusinthana ndi mayi wina akupatseni chake chakale, iye asangalala inunso mwapeza chinthu choti ngakhale Hollywood ikanalipira munthu sabata yonse kuti achikalambitse. Chofunika ndi munthu mmodzi pa gulupo oti asagwire kamera, asagwire maiki, ntchito yake ikhale kuwerenga script nkufunsa kuti mayi ameneyu chitenje ichi anachipeza liti, anamupatsa ndani, wachichapa kangati pa mwala. Akhale ndi kope lake ndi foni yojambulira, ndipo dzina lake lidzalembedwe kumapeto kwa filimu pamodzi ndi anzake.

Mu video yotsatira ndikufuna tichite zimenezi pamaso panu, ndagula kale malaya oyera awiri ofanana pa kaunjika, amodzi tiwasiya mmene alili, enawo tiwasandutsa a munthu amene walima nawo dzinja lonse. Sandipepala ndi masamba a tiyi ndili nazo, dothi ndikatapa kuseri kwa nyumba.