Kalabu ya Okwera Mahatchi ku England: Ndalama Zimathera Kuti?

[Pa chithunzi: hatchi ikudya udzu wouma m'khola]

Hatchi yolemera makilogalamu 500 imadya udzu wouma pafupifupi makilogalamu 10 patsiku. Pamwezi ndi 300. Kalabu ikakhala ndi mahatchi 6, msungichuma akuyenera kupeza makilogalamu 1,800 mwezi uliwonse wa dzinja lozizira, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, pamene msipu sukula.

Vuto lagona pamenepa. Ndalama zambiri zimalowa m'chilimwe, nthawi ya mipikisano ndi maphunziro a ana, koma zimatuluka kwambiri m'miyezi yozizira, bwalo litasanduka matope, mipikisano italephereka. Kalabu ikhoza kugwa chifukwa choona akaunti itadzaza mu Ogasiti n'kuyesa phindu. Si phindu ayi, ndi chakudya cha Febuluwale.

[Pa chithunzi: mmisiri akusenga chiboda]

Zina sizidikira. Mmisiri wa ziboda amabwera milungu 6 mpaka 8 iliyonse. Mukamudumphitsa, hatchi ikhoza kutsimphina, ndipo yotsimphina sikweredwa koma imadyabe. Onjezani katemera wa chimfine ndi kafumbata, komanso kusalaza mano kamodzi pachaka. Choopsa ndi matenda a m'mimba otchedwa colic: opaleshoni yake imadya mapaundi masauzande angapo usiku umodzi. N'chifukwa chake thumba la ngozi likhale pa akaunti yakeyake, ndipo potapa asaine anthu awiri.

Kalabu yobwereketsa mahatchi kwa okwera imafunika laisensi ya khonsolo, malinga ndi malamulo a 2018, ndi inshuwaransi yolipira ovulala. Ikalemba wantchito, lamulo limafunanso inshuwaransi ina, yolipira antchito akavulala, yosachepera £5 miliyoni.

[Pa chithunzi: fomu ya HMRC]

Mpumulo ulipo. Kalabu ikalembetsa ku HMRC, bungwe lotolera misonkho, ngati CASC (kalabu ya masewera ya m'dera yosachita phindu), msonkho wa malo umatsika ndi 80 peresenti, ndipo pa £1 iliyonse ya mphatso boma limaonjezera mapeni 25 (25p) kudzera mu Gift Aid. Chenjerani: ndalama ya umembala si mphatso, osaiphatikiza. Umembala usapitirire £1,612 pachaka, ndipo mtengo wochitira masewerawa ukaposa £520 pachaka, kalabu ikonze njira yoti ochepekedwa alowe nawo. Pa masewera odula ngati awa, malire a £520 sachedwa kudutsidwa, choncho werengani chisoti, nsapato ndi malipiro a mipikisano musanatumize fomu.