Kodi phwete lingaphedi munthu?

[Wofotokoza akuyang'ana kamera]

Nthabwala ikakoma timagwira nthiti n'kumati, "Mundipha inu!" Timangonena, koma alipo munthu amene zinamuchitikiradi.

[Chithunzi: tawuni ya King's Lynn, ku England]

Pa 24 Malichi 1975, Alex Mitchell, mmisiri womanga nyumba wazaka 50, ankaonera sewero loseketsa la The Goodies pa wailesi yakanema. Anaseka mphindi 25 osalekeza, kenako n'kungoti lefu pampando, osadzukanso. Mkazi wake analembera kalata anthu a sewerolo, kuwathokoza kuti mwamuna wake anatsirizika akusangalala. Mtima wotero ngosowa.

Anthu anangoti bamboyo wafa ndi phwete. Koma mu 2012 mdzukulu wake wamkazi anagwa mwadzidzidzi, mtima utaima. Iye anapulumuka, ndipo madokotala anamupeza ndi Long QT syndrome, matenda akumtundu amene amasokoneza kagundidwe ka mtima. Apa m'pamene anaganiza kuti agogo aja nawonso anali nawo, kuseka kuja kunangowavumbulutsa.

[Chojambula: chifuwa, mtima ndi mapapo]

Taonani zimene zimachitika m'katimu. Mukamaseka kwambiri mumatulutsa mpweya motsatizana, hahaha, osapeza mpata woukokera m'kati. Chifuwa chimapanikizika, magazi obwerera kumtima amachepa, ndiye opita kuubongo amachepanso. Ambirife timangomva chizungulire, misozi ili chuchuchu, n'kupumira m'mwamba. Ena ochepa amakomoka kwa timphindi, ndipo choopsa chimakhala pomwe akomokerapo: akuyendetsa galimoto, ali pamakwerero, kapena pafupi ndi moto.

Mu 2013 madokotala awiri a ku Britain, Robin Ferner ndi Jeffrey Aronson, anasonkhanitsa nkhani zotere m'magazini ya zachipatala ya BMJ. Anapeza kuti kuseka kumatha kuyambitsa mphumu kwa amene ali nayo kale, kugulula chibwano mpaka kukamwa kukanika kutseka, kutulutsa chophuka, ngakhalenso kutayitsa mkodzo. Chomalizachi musachiseke, chimavuta amayi ambiri amene anaberekapo, ndipo kuchipatala thandizo lake lilipo.

Kwa ine choopsa chapafupi n'chimene agogo ankatiletsa pa mphasa paja: kuseka mbamu ya nsima ili m'kamwa. Mukakoka mpweya mwadzidzidzi, chakudya chimalowera njira ya mpweya n'kukutsamwani.

[Wofotokoza akuyandikira kamera]

Ngati thupi lanu lili bwinobwino, sekani mpaka nthiti ziwawe. Koma ngati munakomokapo mukuseka, ngati chifuwa chimalira kapena kubanika pambuyo pake, kapena mawondo amangolefuka mukagwidwa ndi phwete, pitani mukaonane ndi dokotala. Mukakafika kumeneko, musaiwale kuwauza ngati kumtundu kwanu alipo amene anamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono.